M'mimba ndi m'chipala, koma tsopano ena akusuzumiramo

Lamlungu lina titaweruka ku tchalitchi ku Mufakose mu Harare, tinakhala pakhonde pa azakhali kudikira nsima. Magetsi anali atathima, mphika uli pa mbaula panja. Foni yawo inalira. Unali uthenga wa mawu wa pa WhatsApp kuchokera kwa mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, amene ndi namwino ku England. Watha zaka 7 pabanja opanda mphatso. Ankafotokoza kuti madokotala atenga mazira ake ndi mbewu ya mwamuna wake n'kuziphatikiza mu labotale, papezeka miluza 6, ndipo asanaike ngakhale umodzi m'chiberekero ayamba aipima kaye kuti adziwe umene ulibe matenda a sickle cell.

Azakhali anamvetsera kawiri, n'kuika foni pamiyendo.

"Iwe wasukulu, tandiuza. Ndiye kuti mwana masiku ano akumusankha ngati tomato wa pa Mbare Musika? Uyu wabwino, uyu wophwanyika?"

Ndinaseka, koma tsikulo ndinayankha mwachibwibwi. Funsoli anthu akhala akukanganirana zaka zoposa 140, ndipo kumbuyo kwake kuli manda.

Tiyambe ndi zimene akuchita msuweni wanga. Thupi la munthu ndi maselo ambirimbiri, ndipo m'kati mwa selo muli malangizo amene tinatengera kwa makolo. Malangizowa amawatcha majini. Azakhali atamva liwuli anadzidzimuka, poti majini amene iwo akuwadziwa ndi aja otulutsa kwa sing'anga, koma awa ndi ena. Munthu ali nawo pafupifupi 20,000, omangidwa m'mitolo 46 yotchedwa makromozomu, 23 yochokera kwa mayi ndi 23 yochokera kwa bambo. Pali matenda ena amene gwero lake ndi jini limodzi lokha, ndipo sickle cell ndi amodzi mwa iwo. Amene watengera jini lopotokalo kwa kholo limodzi sadwala. Amakhalanso wolimbako ku malungo, monga anasonyezera Anthony Allison mu 1954 atapima anthu kum'mawa kwa Africa, n'chifukwa chake jinili ndi lofala m'madera ambiri kumene kuli malungo. Vuto limabwera awiri otere akakwatirana. Pa mimba iliyonse pamakhala ngozi imodzi mwa 4 yoti mwana atengera konsekonse, ndipo ameneyo ndiye amakula ndi ululu wa m'mafupa, kuchepa magazi ndi kugonekedwa m'chipatala kosatha. Msuweni wanga ndi mwamuna wake onse ali nalo jinili. Iye ndi namwino, anawaonapo ana oterewa akubuula usiku.

Kuphatikiza dzira ndi mbewu kunja kwa thupi, kumene amati IVF, kunabala mwana woyamba, Louise Brown, pa 25 July 1978 ku Oldham. Mu 1990 madokotala a pa chipatala cha Hammersmith ku London anayamba kupima miluza asanaiike m'chiberekero. Masiku ano amadikira kuti mluza ufike tsiku lachisanu, uli ndi maselo oposa 100, n'kutapako ochepa pa mbali imene idzasanduke nsengwa. Amawerenga majini a maselo amenewo, mluza uli mu chisanu kudikira. Palibe chimene amasintha kapena kuwonjezera. Amangosankha pakati pa miluza imene makolo awiriwo apanga. IVF ikuchitikanso mu Harare muno m'zipatala zina zolipira, pa mtengo woti wogulitsa masamba pa msika sangaulote n'komwe.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu ena akamva zimenezi tsitsi limawaima? Chifukwa cha liwu limodzi: eugenics.

Analipeka ndi Francis Galton wa ku England mu 1883, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kubadwa bwino. Galton anali msuweni wa Charles Darwin. Ganizo lake mlimi aliyense angalimve. Agogo anga aamuna, amene anabwera ku Salisbury, Harare wa lero, kuchokera ku Nyasaland pa lole za Ulere, ankalima kamunda m'mbali mwa dambo, ndipo pokolola ankapatula zisononkho zikuluzikulu n'kuzikoleka pamwamba pa moto kuti zidzakhale mbewu. Ndi mumzinda womwe uno mmene akatswiri anatulutsa chimanga cha SR52 mu 1960, chimene chinatchuka dera lonse lino. Galton anati ngati timatero ndi chimanga ndi ng'ombe, tilekerenji kutero ndi anthu? Anzeru ndi athanzi azibereka kwambiri, enawo azibereka pang'ono kapena alekeretu.

Chimanga sichifunsa kuti wagwira lichero ndani. Pa anthu, wogwira lichero nthawi zonse ankadziika yekha ku mbali ya mphale. Galton anayendapo m'dziko limene lero ndi Namibia pakati pa 1850 ndi 1852, ndipo mu 1873 analemba kalata ku nyuzipepala ya The Times yonena kuti kum'mawa kwa Africa kukhazikitsidwe Matchaina kuti achulukane n'kulowa m'malo mwa anthu akuda, amene iye ankawaona ngati mtundu wotsika. Mwini wake wa liwulo anali atanena kale kuti gaga ndi ife.

Anthu ambiri amaganiza kuti izi zinali za Hitler yekha. Ayi ndithu, anayamba ndi Amereka. Mu 1907 chigawo cha Indiana chinakhazikitsa lamulo loyamba lotseka anthu mokakamiza kuti asabereke, ndipo zigawo zina pafupifupi 30 zinatsatira. Onse amene anatsekedwa m'dzikolo anaposa 60,000. Mlandu umene umakumbukika ndi wa Carrie Buck wa ku Virginia. Anali mtsikana wosauka woleredwa ndi banja lina. Wachibale wa banjalo anamugwiririra, iye n'kutenga pakati ali ndi zaka 17, ndipo pofuna kubisa manyazi anakamusiya kumalo osungira anthu amene ankati ndi operewera nzeru, komwe mayi ake analinso. Mu 1927 khoti lalikulu la dzikolo linavomereza, oweruza 8 kwa mmodzi, kuti atsekedwe. Woweruza Oliver Wendell Holmes analemba kuti mibadwo itatu ya zitsiru yakwana. M'badwo wachitatuwo anali khanda la Carrie, Vivian, amene atayamba sukulu ankakhoza bwinobwino mpaka kulembedwa pa mndandanda wa ana ochita bwino, asanamwalire ali ndi zaka 8. Panalibe chitsiru pamenepo. Panali umphawi ndi mlandu wogwiririra umene anthu ankafuna kuukwirira.

Germany inatengera pomwepo. Lamulo la mu July 1933 linatchula matenda amene munthu akakhala nawo azitsekedwa: khunyu, misala, khungu ndi kugontha kwa kumtundu, kuperewera nzeru, ngakhale uchidakwa. Anatseka anthu pafupifupi 400,000. Kuyambira 1939 anasiya kungotseka, anayamba kupha. Pofika August 1941 odwala ndi olumala oposa 70,000 anali ataphedwa ndi mpweya wa poizoni m'malo amene ankayenera kuwasamalira, ndipo akatswiri a ntchito yonyansayi anawatumiza ku misasa kumene anakaphera Ayuda.

Njira ya ku Germany imeneyi inadzera kuno kwathu. Mu 1908, nkhondo yopulula Aherero ndi Anama ikungotha kumene, Eugen Fischer anapita ku Rehoboth ku Namibia kukayeza mitu, mphuno, tsitsi ndi khungu la anthu pafupifupi 300 obadwa kwa Azungu ndi Akhoikhoi, kuti asonyeze zimene zimachitika mitundu ikasakanikirana. Zigaza za anthu ophedwa pa nkhondo ija zinkatumizidwa ku Berlin kuti akaziyeze, ndipo 20 zoyamba zinabwerera kwawo mu 2011. Mu 1927 Fischer anakhala mkulu wa likulu la kafukufuku wa eugenics ku Berlin. Mu 1937 akatswiri a pamenepo anathandiza kusankha ana mazana angapo a ku Rhineland, obadwa kwa amayi a Chijeremani ndi asilikali ochokera ku maiko olamulidwa ndi France, ambiri a ku Africa, ndipo anawatseka mwakabisira. Ku Kenya m'zaka za m'ma 1930, dokotala F.W. Vint ankayeza ubongo wa mitembo ya anthu akuda ku Nairobi n'kumalengeza kuti Mwafirika wamkulu ali ngati mwana wa Mzungu wa zaka 7 kapena 8. Atsamunda osafuna kumanga masukulu anawalandira ndi manja awiri mawu amenewo.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945 liwu la eugenics linayamba kununkha, koma mchitidwe unapitirira. Sweden inatseka anthu pafupifupi 63,000 mpaka m'ma 1970. Lamulo la Japan linakhalapo kuyambira 1948 mpaka 1996, ndipo khoti lalikulu la kumeneko linagamula mu 2024 kuti linali losemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Ku Namibia, khoti lalikulu linagamula mu 2014 mokomera amayi atatu okhala ndi HIV amene anatsekedwa m'zipatala za boma atasainitsidwa mapepala ali pa ululu wa kubereka.

Ku Southern Rhodesia, Zimbabwe wa lero, kunalibe lamulo lotseka anthu ngati la Germany, koma mantha a magazi analipo. Lamulo la mu 1903 linaletsa mwamuna wakuda kugona ndi mkazi wachizungu. Mwamuna wachizungu wogona ndi mkazi wakuda silinamukhudze, ndipo ana a m'zibwenzi zoterozo anadzaza Arcadia, dera la makaladi mu Harare. M'zaka za m'ma 1970 boma la Azungu la Ian Smith linkadandaula kuti anthu akuda akuchulukana kwambiri, ndipo jakisoni wolera wa Depo-Provera anafika m'makomboni a m'mapulazi, mmene munali abale athu ambiri ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Amayi ena ankabayidwa moopsezedwa kuti akakana ntchito itha. Mu 1981 nduna ya zaumoyo Herbert Ushewokunze inaletsa mankhwalawa. Koma nkhaniyi ili ndi mbali ina imene sitikonda kuinena: amayi enanso ankapita okha kukabayitsa mozemba amuna awo, atatopa ndi mimba ya chaka ndi chaka, ndipo jakisoni yemweyo anabwereranso, lero amayi amamufola okha pa kiliniki. Mankhwala anali amodzimodzi. Chimene chinkasiyana ndi amene wanena kuti abayidwe.

Apa ndi pamene oikira kumbuyo kupima miluza amaimapo. Amati eugenics inali boma kugwira munthu pakhosi, pamene lero ndi mayi ndi bambo kusankha okha za m'nyumba mwawo. Pa nkhani ya msuweni wanga ndikugwirizana nawo kwathunthu. Palibe wamukakamiza, matendawo ndi odziwika, gwero lake ndi jini limodzi, ndipo kupimako kumanena zoona pafupifupi nthawi zonse. Amene angamuloze chala ayambe wagona usiku umodzi pambali pa mwana amene mafupa akumuphwanya.

Kungoti ndinawakumbutsa azakhali kuti lichero si la Azungu okha. Mchimwene wanga atapeza mbeta, iwo omwewo ndi amene anauza amalume kuti asanapite kukafunsira afufuze kaye kuti kumtundu kwa mtsikanayo kuli chiyani. Ankatanthauza khunyu, misala ndi khate. Awiri oyambawo ali pa mndandanda wa 1933 uja. Khate nalo silakumtundu n'komwe, limayamba ndi kachilombo ndipo limachizika. Timati make mbuu mwana mbuu, n'kuweruza mtsikana chifukwa cha agogo ake amene sanawaonepo. Mwana wachialubino akabadwa, amene anzathu a Chishona amati musope, mlandu umagwera mayi, ena mpaka kuthamangitsidwa pabanja, chonsecho jini la chialubino mwana amalitengera kwa makolo onse awiri, ndipo bambo wothamangitsayo ali nalo m'thupi. Kalembera wa ku Malawi wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636, m'dziko limene ena a iwo aphedwa chifukwa cha mafupa awo. Ifenso a kuno tikudziwa kukhala kunsi kwa lichero. Ndani wa ife sanamvepo za banja lokaniza mwana wawo kukwatiwa ndi mubwidi, dzina lotinyoza ife ochokera ku Malawi, ati munthu wopanda mutupo, mfunda wa Ashona? Panalibe boma pamenepo, panalibe lamulo. Anali makolo okonda mwana wawo, akusankha okha.

N'chifukwa chake mawu oti "asankha okha" sandikhutitsa kwenikweni. Munthu amasankha ali pakati pa anthu. Ku Denmark, kuyambira 2004 mayi aliyense woyembekezera amapatsidwa mwayi wopimitsa ngati mwana ali ndi Down syndrome, imene imabwera mwana akakhala ndi kromozomu 21 yowonjezera, ndipo mwa amene auzidwa kuti ali nayo, oposa 9 mwa 10 amachotsa pakati. Palibe wapolisi amene amawaperekeza, ndipo limenelo ndi dziko limene boma limathandiza olumala mokwanira. Nanga kuno? Lamulo la Zimbabwe la 1977 limalola kuchotsa pakati ngati pali chiopsezo chachikulu choti mwana adzabadwa ndi ulumali waukulu wosachizika. Taganizirani mayi wa ku Epworth amene akudziwa kuti sukulu yoyandikira siidzamulandira mwanayo, kondakitala wa kombi sadzaima kuti akweze njinga ya olumala, ndipo apongozi adzati kwanu kuli ufiti. Akasankha, wasankha iye kapena tamusankhira ndife?

Za mwana wamwamuna kapena wamkazi zimaonetsa bwino kuti "mwana wabwino" amapangidwa ndi mudzi. Ku India sikani itafala, ana aakazi anayamba kusowa m'mimba, mpaka mu 1994 boma linaletsa madokotala kuulula ngati mwana ndi wamwamuna kapena wamkazi. Kwathu kwa Achewa mwana wamkazi ndiye mbumba, ndiye amakuza mudzi. Ife okulira kuno, pakati pa roora, malowolo a Ashona, ndi dzina la bambo, tayamba kupuma mosiyana sikani ikati ndi mnyamata. Majini athu ndi omwe aja a ku Dedza ndi ku Ntcheu. Chasintha ndi kumene tikukhala.

Tsopano kwabwera malonda ena amene ayenera kusiyanitsidwa ndi za msuweni wanga. Makampani ena ku Amereka, monga Genomic Prediction ndi Orchid, amawerenga majini a mluza n'kuupatsa malikisi pa matenda monga shuga, mtima ndi khansa, ndipo pali ena amene afika polonjeza za msinkhu ndi nzeru. Zinthu zimenezi sizichokera ku jini limodzi. Kafukufuku wa mu 2022 wa anthu 5.4 miliyoni anapeza malo oposa 12,000 m'majini amene amakhudza kutalika kokha, lililonse ndi kachigawo kake kakang'onong'ono. Choncho malikisiwo ndi kuyerekeza chabe. Akatswiri ena anawerengera mu 2019 kuti kusankha mluza wa malikisi apamwamba pakati pa miluza yochepa imene banja limakhala nayo kungawonjezere masentimita 2.5 pa msinkhu ndi mapointi 2.5 pa mayeso a nzeru, ndipo ngakhale zimenezo si lonjezo, mwana wosankhidwayo akhoza kudzakhala wamfupi kuposa mng'ono wake amene sanapimidwe. Akuluakulu anati m'mimba ndi m'chipala, ndipo pa zinthu izi chipalacho sichinaulule zinsinsi zake.

Kwa ife pali chinanso. Pofika 2019, pafupifupi 8 mwa 10 a anthu amene majini awo anagwiritsidwa ntchito popanga malikisi amenewa anali a mtundu wa ku Ulaya, ndipo akawayesa pa anthu a ku Africa amaphonya kwambiri, poti majini a Aafirika ndi osiyanasiyana kuposa a anthu a kwina kulikonse. Zaka 100 zapitazo ankatiyeza mitu tisanawapemphe. Lero pamene kuyezako kukanatithandiza, sitili m'kaundula. Ndipo masentimita 2.5 aja amandiseketsa mowawa ndikakumbuka kuti ku Zimbabwe mwana mmodzi mwa 4 osakwana zaka 5 ndi wopinimbira chifukwa cha kuperewera zakudya, ku Malawi woposa mmodzi mwa 3. Phala la nsinjiro ndi dzira likhoza kuwonjezera msinkhu wa ana athu kuposa labotale iliyonse.

Kupitirira kusankha pali kusintha majini enieniwo. Mu November 2018 He Jiankui wa ku China analengeza kuti kwabadwa mapasa aakazi amene anawasintha ali miluza pogwiritsa ntchito njira yodulira majini yotchedwa CRISPR. Anawononga jini lotchedwa CCR5, khomo limene HIV imalowera m'maselo. Bambo wa anawo anali ndi kachilomboka. Aliyense wa kuno amene anaperekezapo mayi ku sikelo akudziwa kuti ma ARV amateteza kale mwana, ndipo potenga mbewu ya bambo ya IVF amaitsuka. Anawo sanali pa ngozi yoti n'kuwaseweretsa majini, amene adzapatsirenso ana awo. Chimene chinakankhira makolo kwa iye ndi tsankho limene anthu a HIV amakumana nalo kwawoko. Khoti la ku China linamupatsa zaka 3 m'ndende.

Kusintha majini a munthu wobadwa kale, komwe sikupita kwa ana ake, n'kwina, ndipo kwayamba kuchiza sickle cell yomweyo. Mankhwala a Casgevy anavomerezedwa ku Britain ndi ku Amereka chakumapeto kwa 2023. Mtengo wake ku Amereka ndi madola 2.2 miliyoni munthu mmodzi. Ana ambiri obadwa ndi matendawa amabadwira kuno ku Africa, kumene ambiri amamwalira asanapimidwe n'komwe, ngakhale kuti kadontho ka magazi a pachidendene, penisilini ndi mapilitsi a hydroxyurea zikanawapulumutsa.

Patapita milungu itatu msuweni wanga anaimbanso, ulendo uno pa vidiyo. Ndinali komweko ku Mufakose, ndabweretsa ndalama za sosaite ya maliro. Anati zotsatira zabwera: miluza iwiri ili ndi matendawo, itatu yatengera jinilo mbali imodzi ngati iye mwini, umodzi ulibiretu. Ayamba ndi umodziwo, ndipo madokotala amuchenjeza kuti si mluza uliwonse umene umakhazikika.

Azakhali anathokoza Mulungu, anafunsa ngati akudya mokwanira, kenako anakhala chete.

"Nanga otsalawo?"

"Ali mu chisanu, amayi. Amawasunga m'thanki yozizira madigiri 196 kunsi kwa ziro. Lamulo la kuno limalola mpaka zaka 55, bola tizisainira pakapita zaka 10 zilizonse."

"Ndi awiri odwalawo?"

Msuweni wanga anayang'ana kumbali. Anati sanagwirizanebe ndi bambo a kunyumba, fomu ili pa tebulo.

Foni itaduka, azakhali anapita kukasonkhezera makala pa mbaula. Ali chowerama anandifunsa, osandiyang'ana, kuti Lachinayi ku chigwirizano akamapempherera zidzukulu zawo atchule angati.